Kulembetsa kampani ku Joni si pemiti: mmene viza ya bizinesi imayendera

Msuweni wanga wina anandiimbira pa WhatsApp chaka chatha ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya, akuti achimwene zatheka, pano ndine wa mapepala. Ndinamufunsa kuti mapepala ake ati, iye n'kunditumizira chithunzi. Linali pepala la CIPC, ofesi yolembetsa makampani ku South Africa, dzina la kampani lili pamwamba ndi Pty Ltd kumapeto kwake, dzina lake lili pa dayilekitala, nambala ya kampani ilipo, ndipo pepalalo linali lenileni osati lopangira pa kompyuta ayi. Dobadoba amene anamuyendetsera anamudya R6,000 n'kumuuza kuti ukangokhala ndi kampani apolisi sakugwiranso, a Home Affairs akupatsa okha pemiti chifukwa ndiwe investor. Nthawi imeneyo n'kuti masiku 30 aja amene amatidindira pa boda atatha kalekale, mwina miyezi isanu ndi itatu yapitayo.

Ndinasowa poyambira. Chifukwa pepala lomwelo munthu akhoza kulipeza yekha pa intaneti ndi R175, R50 yosungitsa dzina ndi R125 yolembetsa kampani, ndipo ngakhale uli ku Mangochi sunapondeko ku Joni ukhoza kukhala mwini kampani ya ku South Africa, palibe amene angakuletse. Nkhani yonse yagona pamenepa ndipo ndi pomwe anthu athu ambiri akudyeredwa ndalama. Ofesi yolembetsa makampani imaona za kampani, ofesi ya immigration imaona za munthu, ndipo awiriwa sayenderana. Pamaso pa lamulo kampani ili ngati munthu payokha, ikhoza kukhala ku Johannesburg mwini wake ali ku Ntcheu. Chilolezo choti iweyo thupi lako ligone m'dziko la eni ndi nkhani ina, ili ndi lamulo lake, mafomu ake ndi mtengo wake.

Ndiye kodi njira yopezera pemiti kudzera mu bizinesi iliko? Iliko ndithu, m'maiko ambiri, koma muyambe mwadzifunsa chifukwa chomwe boma lingaperekere chilolezo chotere kwa mlendo. Si chifundo ayi. Boma likugula zinthu ziwiri kapena zitatu kwa iwe, ndalama zochokera kunja, ntchito za anthu ake, nthawi zina nzeru yatsopano imene kwawoko kulibe, ndipo pemitiyo ndiye malipiro ake. Kwathu konkuno zilinso chimodzimodzi, mlendo wofuna kuchita bizinesi ku Malawi amayenera kupeza Business Residence Permit ku Immigration ataonetsa mpamba wobwera nawo, ndipo tonse tikukumbuka mu 2023 pomwe boma linagwira othawa kwawo amene anali ndi mashopu ku Lilongwe ndi m'matauni ena n'kuwabwezera ku Dzaleka, anthu ambiri anaombera m'manja akuti geni yaing'ono ndi ya eni nthaka. Maganizo omwewo ndi amene mukakumane nawo ku Pretoria kapena ku London, kungoti uko mlendo ndinu. Okala, saluni, kutelala, kugulitsa kaunjika, malo odyera a nsima, zonsezi boma lililonse limaona kuti anthu ake angathe okha ndipo silingaitanire munthu wakunja.

Tiyambe ndi South Africa poti ndi kumene ambiri a ife timalowera. Kumeneko imatchedwa business visa ndipo ili pa gawo 15 la lamulo lawo la Immigration Act la 2002. Malamulo atasinthidwa mu 2014, mpamba wofunika unakwera kuchoka pa R2.5 miliyoni kufika pa R5 miliyoni. Mukaisintha pa mtengo wa ku banki ikuzungulira pa K500 miliyoni, mukati mugule forex kumsika wa mmbali monga ambiri amachitira ndiye musawerenge n'komwe, mungadwale mutu. Ndalama imeneyi si fizi yolipira boma, imakhalabe yanu, koma iyenera kulowa mu bizinesiyo n'kumaoneka m'mabuku ake, kaya ndi kashi kaya gawo lina ndi makina atsopano. Ndipo mawu anu okha sakwanira, pamafunika satifiketi yochokera kwa akauntanti wovomerezeka wa konko, wolembetsedwa ku mabungwe awo monga SAICA kapena SAIPA, wotsimikiza kuti ndalamayo ilipodi.

Chimene anthu ambiri amachiphonya n'chakuti ndalamayo iyenera kuchokera kunja kwa South Africa. Ndiye ngati mwakhala ku Cape Town zaka khumi mukugwira m'magadeni ndi m'malesitilanti, mwasunga, mwagula bakkie ziwiri, geni ikuyenda, ndalama imeneyo kwa iwo si mpamba wochokera kunja, komanso funso loyamba likhala loti munkagwira ntchito ndi pepala liti. Iyenera kuchoka ku akaunti ya kunja n'kulowa ku banki ya ku South Africa mooneka, mapepala a banki akusonyeza kuti inachoka apa tsiku lakuti n'kufika apa tsiku lakuti. Apa m'pamene Mmalawi amakumana ndi khoma lachiwiri lomwe Mjeremani sakumana nalo kwenikweni, forex. Kutulutsa ndalama zochuluka chotere m'dziko muno kukayika mu bizinesi kunja kumafuna chilolezo cha Reserve Bank of Malawi kudzera ku banki yanu, ndipo m'dziko lomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lomwe anthu oitanitsa mankhwala ndi feteleza amadikira madola miyezi, mukuona nokha mmene pempho lanu lingayendere. Njira ija timaidziwa tonse, yopereka makwacha kwa munthu ku Limbe wina n'kukupatsa marandi ku Fordsburg, imathandiza potumiza ya chimanga ndi ya fizi koma pa viza iyi ndi yakufa, ilibe pepala, akauntanti sangaisainire, komanso kunoko ndi mlandu wotulutsa forex mozemba. Amene zimawayendera nthawi zambiri ndi oti ali kale ndi ndalama kunja movomerezeka, wina wagwira ntchito ku UN kapena ku Britain zaka zambiri, wina amagulitsa katundu kunja ndipo mabuku ake ndi oyera.

Pali kampata koti mpamba uja auchepetse kapena auchotseretu, koma ndi pa mabizinesi okhawo amene boma linawatchula kuti ndi ofunika ku dziko, monga kukonza zokolola m'mafakitale, zamakompyuta ndi intaneti, kupanga zovala ndi zikopa, magetsi a dzuwa ndi zina zoteteza chilengedwe, zomangamanga za alendo oona malo, kupanga mankhwala ndi mapulasitiki. Sizichitika zokha ayi, umachita kupempha ndi zifukwa zomveka ndipo akhoza kukana. Kumbali inayi kuli mabizinesi amene anawaletseratu, olo utabwera ndi R50 miliyoni viza sakupatsa: kampani ya alonda, zovinavina zamaliseche za m'makalabu, ndi ija yomwe ambiri timailota, kuitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kudzera ku South Africa n'cholinga chokawagulitsa maiko ena. Ndiye amene munkaganiza zokakhazikika ku Durban n'kumatumiza ma Sienta ndi ma Vitz kumudzi, imeneyo ichotseni pa pulani ya viza.

Kenako pali nkhani ya antchito. Anthu 60 pa 100 alionse amene mwawalemba ntchito ayenera kukhala nzika za South Africa kapena okhala ndi permanent residence, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, olembedwa ntchito yokhazikika osati aganyu, ndipo mumasaina lonjezo loti pakutha pa miyezi 12 mubweretsa umboni. Tinene kuti muli ndi antchito asanu, atatu akhale eni dziko. Kwa ife izi zimawawa chifukwa tinazolowera kuti ukatsegula kanthu umayamba waitana mlamu, mphwako ndi mwana wa azakhali, ndiwo umawakhulupirira pa kabati ya ndalama, koma alamu anuwo afunikanso work visa yawoyawo, kukhala m'bale wa mwini kampani sikuwapatsa chilolezo. Mumalonjezanso kulembetsa ku SARS za misonkho, ku UIF ya antchito akachotsedwa ntchito, ndi ku thumba la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Zonsezi ndi ndalama za mwezi ndi mwezi zomwe munthu wozolowera geni ya pamsika sanaziwerengerepo.

Chomwe chimachedwetsa kwambiri ndi kalata ya DTIC, unduna wawo wa zamalonda ndi mafakitale. Home Affairs siyang'ana fomu yanu popanda kalata imeneyi, ndipo a DTIC amafuna kuona ziwiri, ngati bizinesiyo ingayendedi komanso ngati ili ndi phindu ku dziko lawo. Ndiye pulani ya bizinesi iyenera kukhala yeniyeni, malo ake ndi ati, lendi ndi zingati, ogula ndi ndani, opikisana nawo ndi ati, chaka choyamba mulowetsa zingati ndipo mwawerengera bwanji. Mapulani okopera pa intaneti aja, ongosintha dzina la tauni, anthu amenewa amawaona tsiku ndi tsiku ndipo amawadziwa ndi tsamba loyamba. Pamwamba pa zonsezi muwonjezere police clearance, lipoti la dokotala ndi pasipoti yoti isathe msanga.

Tsono mvetsetsani apa chifukwa ndi pomwe msuweni wanga anagwera. Munthu amene walowa ngati mlendo wa masiku 30 saloledwa kusintha kukhala wa business visa ali konko, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa kwambiri zomwe bizinesi mulibe. Pempho loyamba limaperekedwa uli kwanu, kwa ife ndiye kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Ndipo ngati munapyola masiku anu, potuluka pa boda amakudindani kuti ndinu undesirable, osapitirira masiku 30 chiletso chake ndi chaka chimodzi, kupitirira masiku 30 ndi zaka zisanu. Ndiye munthu amene watchona miyezi isanu ndi itatu, olo atatola R5 miliyoni pamsewu lero, njira yake ndi yotuluka, kudindidwa zaka zisanu, kenako kuyesa kuchita apilo kuti amukhululukire. Dobadoba sanganene zimenezi chifukwa akanena geni yake yatha. Za kutumiza pasipoti ndi madalaivala a mabasi kuti ikadindidwe ku Beitbridge mwini wake ali ku Randburg, zija timazitcha kudinditsa, sizikonza kanthu pa nkhaniyi, zimangowonjezera mlandu wina tsiku limene kompyuta idzasonyeze kuti chidindo ndi zolembedwa sizikugwirizana.

Tinene kuti zonse zayenda, viza yatuluka. Imakhala ya zaka zosapitirira zitatu, ndipo yamangiriridwa ku bizinesi imene munalemba ija. Simungatseke fakitale ya chiponde n'kukayamba ntchito ya ulonda kapena kutsegula bala ndi viza yomweyo. Pasanathe miyezi 24 muyenera kuonetsa kuti ndalama munalonjeza zija zinalowadi mu bizinesi, ndipo pokawonjezera nthawi amafunanso kuona mabuku, misonkho ndi antchito aja. Akazi anu kapena amuna anu ndi ana akhoza kubwera nanu pa viza yoperekeza, koma mayi a kunyumbawo saloledwa kugwira ntchito ndi viza imeneyo, olo pa kauntala ya shopu yanu yomwe, ndipo ana a sukulu amafunika study visa. Njira ya permanent residence iliko pa gawo 27 la lamulo lomwelo, koma mpamba uja uyenera kukhalabe mu bizinesi zaka zisanu mutalandira, mukautulutsa msanga chilolezocho chimatha. Bizinesi ikagwa, zomwe zimachitikira ngakhale eni dziko odziwa msika wawo, maziko a pepala lanu agwa nayo limodzi, ndiye mumataya ndalama ndi pokhala nthawi imodzi. Ine mbali imeneyi ndi imene imandiopsa kuposa R5 miliyoni ija.

Wina afunsa kuti nanga Asomali, Aitiyopiya ndi ena ali ndi timashopu totchedwa ma spaza m'makomboni monse aja, onsewo anabwera ndi R5 miliyoni? Ayi. Ambiri a iwo ali pa mapepala a asylum kapena a refugee, ndipo mu 2014 khoti la apilo la Supreme Court of Appeal linagamula pa mlandu wochokera ku Limpopo kuti anthu amenewa ali ndi ufulu wopempha laisensi n'kuchita geni. Ndi khomo lina limenelo, la anthu othawa nkhondo ndi kuzunzidwa, ndipo umphawi kapena kusowa ntchito sizili m'gulu la zifukwa zake, n'chifukwa chake Mmalawi wongofuna ganyu savomerezedwa. Anzathu a ku Zimbabwe ena ali ndi ZEP, a ku Lesotho ali ndi yawo, mapemiti apadera amene boma la South Africa linapereka kwa maiko amenewo, ife Amalawi sitinapatsidwepo yotere. Komanso mphepo inasintha. Ana asanu ndi mmodzi atamwalira ku Naledi ku Soweto mu Okutobala 2024 chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo amene anapezeka m'matupi mwawo, President Ramaphosa analamula mu Novembala kuti ma spaza onse alembetsedwe ku makhonsolo, tsiku lomaliza linasunthidwa mpaka pa 28 Febuluwale 2025, ndipo mlendo polembetsa ankayenera kuonetsa pepala lomulola kuchita bizinesi. Kuwonjezera apo magulu ngati Operation Dudula amayenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala ngati iwo ndiwo boma.

Njira imene ambiri amathawirako ndi yolembetsa geni m'dzina la mwini dziko, chibwenzi, landilodi kapena mnzako wa kutchalitchi. Zimayenda bwinobwino mpaka tsiku limene mudzayambane. Pa pepala shopu ndi yake, akaunti ndi yake, firiji ndi katundu yense ndi wake, ndipo iwe sungapite ku polisi chifukwa ukakafika pa kauntala funso loyamba ndi la pasipoti, mapeto ake ndi ku Lindela, malo osungira alendo opanda mapepala ku Krugersdorp, kudikira basi yobwerera. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Komanso pemiti sichikupatsa, umangokhala wantchito wopanda mapepala mu shopu yako yomwe.

Ku Britain nkhani yake ndi yosiyana ndithu, ndipo chiyambireni pomwe anatseka khomo lolemba ma care worker kuchokera kunja mu Julaye 2025 ndaona anthu ambiri akufunsa za njira ya bizinesi. Kale kunali Tier 1 Entrepreneur, pankafunika £200,000 ndi pulani, anaitseka mu 2019. Ya anthu olemera kwambiri, Tier 1 Investor, anaitseka mu Febuluwale 2022. Yomwe ilipo pano ndi Innovator Founder, inayamba mu Epulo 2023, ndipo chodabwitsa n'chakuti ilibe mpamba woikika, £50,000 yomwe inkafunika kale anaichotsa. Musasangalale msanga. M'malo mwa ndalama amafuna nzeru, ndipo woweruza nzeruyo si Home Office, unduna wawo woona za immigration, koma mabungwe ochepa osankhidwa otchedwa endorsing bodies, amene amayesa zitatu: kodi ganizoli ndi latsopano pa msika wa ku Britain, kodi lingatheke ndi luso ndi ndalama zomwe muli nazo, kodi lingakule n'kulemba anthu ntchito mpaka kugulitsa kunja. Shopu ya ufa, usipa ndi Sobo ku Leicester ikhoza kukhala ndi makasitomala ambiri koma si yatsopano, kampani yokolopa m'maofesi kapena yosamalira okalamba chimodzimodzi. Bungwelo umalilipira £1,000 kuti likuunike, ndipo likakuvomera umakumana nalonso kawiri, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24, ulendo uliwonse £500, kuti aone ngati zomwe unalonjeza zikuchitika, akaona kuti palibe chikuyenda amachotsa dzina lawo ndipo viza imadulidwa. Uyeneranso kukhala ndi £1,270 mu akaunti masiku 28 otsatizana, Chingerezi cha mlingo wa B2, satifiketi ya TB poti Malawi ili pa mndandanda wa maiko oyezetsa, fizi ya viza, ndi ndalama ya chipatala ya £1,035 pa chaka pa munthu wamkulu aliyense yomwe amaitenga yonse ya zaka zitatu pakamodzi. Ubwino wake ndi woti pakatha zaka zitatu ukhoza kupempha kukhazikika, koma uyenera kukwaniritsa ziwiri mwa mfundo zisanu ndi ziwiri zomwe anaika, monga kuti £50,000 yalowa ndi kugwiritsidwa ntchito mu bizinesi, kapena walemba anthu khumi a konko ntchito yokhazikika, kapena kampani ikulowetsa £1 miliyoni pa chaka. Kwa mnyamata wa ku MUST kapena ku MUBAS amene wapanga kachipangizo kapena pulogalamu yomwe ili kale ndi ogula, khomo ili si loseketsa, ayesere. Kwa enafe a geni yogula apa kugulitsa apo, si lathu.

Mudzamvanso ma ejenti akutchula self sponsorship. Viza ya dzina limenelo kulibe. Chomwe amatanthauza ndi kutsegula kampani ku Britain, kampaniyo ipemphe sponsor licence, chilolezo cholemba ntchito anthu akunja, kenako ikulembe ntchito iwe mwini ngati Skilled Worker. Pa pepala zimatheka, koma kampaniyo iyenera kukhala yogwiradi ntchito, ntchitoyo ikhale yeniyeni ya mlingo wovomerezeka, ndipo malipiro ochepetsetsa kwa ambiri anafika pa £41,700 pa chaka kuyambira Julaye 2025, ndiye kuti kampani yako yatsopanoyo izikulipira ndalama imeneyo mwezi ndi mwezi kudzera pa payroll msonkho ukudulidwa. Home Office ikaona kuti kampaniyo inangopangidwira viza imalanda laisensi, onse amene anali pansi pake n'kutsala padzuwa.

Ku Dubai ndiye kumene mawu oti tsegula kampani upeze viza ali pafupi ndi zoona. Ukagula laisensi mu free zone, madera apadera ochitiramo malonda, monga DMCC kapena Meydan, umatha kupempha residence visa ya zaka ziwiri ngati mwini kampani, osafunika kulemba ntchito eni dziko pa kampani yaing'ono. Koma imeneyi ili ngati lendi. Laisensi umailipira chaka ndi chaka, ukasiya kulipira viza imapita nayo, ndipo olo ukhale zaka 20 njira wamba yopezera unzika kulibe. Amayezanso magazi ndi chifuwa asanakupatse Emirates ID, ndipo munthu amene wapezeka ndi HIV sapatsidwa chilolezo chokhala, ndi bwino kudziwiratu zimenezi musanalipire laisensi. Kutsegula akaunti ya kampani ku banki ndi nkhondo inanso, amafunsa ma invoice ndi komwe ndalama zikuchokera. Kwa amayi ndi abambo amene amapita kale ku Deira kukapikula mafoni ndi zovala kangapo pa chaka zikhoza kukhala ndi phindu, kwa munthu wofuna posamukira ndi banja mpaka kalekale ayi.

Ku America ndingodutsako mwachangu. Viza ya E-2 imene mumaiona pa TikTok, ya munthu wotsegula bizinesi yapakatikati, ndi ya nzika za maiko okhawo amene ali ndi pangano la zamalonda ndi America. Mu Africa muno muli maiko ngati Egypt, Ethiopia, Senegal, Cameroon, Morocco ndi DRC, koma Malawi mulibe, Zambia mulibe, Zimbabwe, Mozambique ngakhale South Africa mulibe. Ina ndi EB-5 yomwe imapereka green card, mtengo wake $800,000 m'madera osankhidwa kapena $1,050,000 kwina konse, ndi ntchito khumi za anthu a konko. Kampani ya mtundu wa LLC ya ku Delaware kapena ku Wyoming imene anthu amatsegula pa foni ndi yothandiza polandira malipiro a pa intaneti, koma pa boda la ndege ilibe mawu. Chimodzimodzi e-Residency ya ku Estonia, dzina lake limanyenga, ndi kakhadi koyendetsera kampani pa intaneti, sikakulola kukhala ku Estonia ngakhale kulowa kumene mu Europe. Ndipo makomo ogula ndi ndalama akunka natsekeka, Ireland inatseka yake mu 2023, Portugal inachotsa njira yogula nyumba chaka chomwecho, Spain inathetsa golden visa mu Epulo 2025, ndiye kanema amene mukuonera lero mwina akunena za lamulo lomwe linafa zaka ziwiri zapitazo. Manambala onse ndatchulawa muwatsimikize pa tsamba la boma la dzikolo tsiku lomwe mukuyamba, amasintha osachenjeza.

Ine maganizo anga ndi oti viza ya bizinesi ndi ya munthu amene bizinesi ali nayo kale ndipo yamukulira, osati amene akufuna pothawira n'kumayesa bizinesi ngati chiphaso. Ngati muli ndi fakitale yaing'ono ku Kanengo yomwe ikutumiza kale mtedza kapena nandolo kunja, mabuku anu ali ku MRA zaka zingapo, akaunti ya forex muli nayo, kutsegula nthambi ku Gauteng n'kupempha viza ndi sitepe yomveka ndipo mapepala ambiri amene amafuna muli nawo kale mu kabati. Ngati mukuganiza zogulitsa nyumba ya ku Area 25 ndi munda wa makolo kuti mukwanitse mpamba wa bizinesi yomwe simunaichitepo, m'dziko lomwe simudziwa mtengo wa lendi ngakhale chinenero cha makasitomala, kuli bwino muyang'ane makomo ena, a sukulu kapena a ntchito za luso losowa monga critical skills ya ku South Africa, amene safuna kuti muike chuma cha banja lonse pa tebulo. Ndipo pali ambiri amene safunika n'komwe kukhala kunjako, kampani ikhoza kukhala uko ndi manijala wa konko, inu n'kumapita pa masiku a mlendo kukaonana ndi ogula ndi kusaina mapangano, bola osaima pa kauntala kugulitsa.

Pa za ma ejenti, wabwino amayamba ndi kukufunsani mafunso ovuta, ndalama zili kuti, zinachokera kuti, munayamba mwapyolapo masiku, munakanidwapo viza, ndipo akamva mayankho nthawi zina amakuuzani kuti musataye ndalama zanu. Amakupatsani lisiti, fizi ya boma mumalipira nokha ku akaunti ya boma kapena ya VFS, kampani yolandira mafomu a viza m'malo mwa boma, ndipo ku Britain wopereka malangizo a immigration ayenera kukhala loya kapena wolembetsedwa ku ofesi yowayang'anira, dzina lake mukhoza kulifufuza pa intaneti. Amene akuti ali ndi munthu wake mkati mwa Home Affairs ndipo sitika ituluka Lachisanu, sitikayo idzagwira ntchito mpaka tsiku loyamba limene wa pa boda adzaiike pa makina.

Msuweni wanga uja nditamufotokozera zonsezi anakhala chete kanthawi, kenako akuti ndiye achimwene R6,000 yanga ija yapita? Ndinamuuza kuti yapita, komanso kampaniyo ikufuna annual return chaka chilichonse ku CIPC apo ayi adzaifufuta, ndipo a SARS akuiwerengera kale ngati yoyenera kupereka mafomu a msonkho olo sinagulitsepo kanthu. Dobadoba uja nambala yake sikupezekanso. Pepala lija analiika mu fulemu, lili pakhoma m'kachipinda kake ku Cosmo City pafupi ndi kalendala ya tchalitchi, ndipo akamapita ku ganyu m'mawa amadutsabe njira ya kuseri yopewa veni ya apolisi imene imaima pa roboti.